Chitsime chomwe chinakana kutsekeka

Sabata ino ndi yanga, ndipo ndikutengerani kutali ndithu, ku nyanja ya Gulf of Mexico, kum'mwera kwa dziko la America, m'chaka cha 2010. Ambiri a inu munamvako pa wailesi kuti kumeneko kunatayika mafuta. Koma chimene chinandigwira mtima ine n'chakuti kampani yolemera ngati BP, mothandizana ndi boma la America lenilenilo, inatha masiku 87 ikulephera kutseka chitsime chimodzi. Tiyeni tione kuti chinavuta n'chiyani.

Pamtunda wa makilomita 66 kuchokera kugombe la Louisiana panali chinsanja choyandama chotchedwa Deepwater Horizon. Mwini wake anali kampani ya Transocean, koma BP ndiyo inachitenga pa lendi kuti chikumbe chitsime cha mafuta. Chitsimecho anachitcha Macondo, ndipo inu okonda mabuku mukudziwa kale kuti ili ndi dzina la mudzi wa m'buku la Gabriel García Márquez, mudzi umene mathero ake sanali abwino. Kuchokera pamwamba pa madzi kukafika pansi pa nyanja panali mamita pafupifupi 1,500, kuwirikiza kawiri malo akuya kwambiri a Nyanja ya Malawi. Atafika pansipo anaboolanso thanthwe mamita ena pafupifupi 4,000.

Ntchito inali itachedwa ndi masabata 6, ndipo inali itadya kale madola 58 miliyoni pamwamba pa ndalama zomwe anakonza. Amene mumachita geni mukudziwa zomwe munthu amachita akaona dzuwa likupendeka katundu asanayende: amayamba kuchita zinthu mwachidule. Simenti yotseka kunsi kwa chitsime, imene inathiridwa ndi kampani ya Halliburton, sinagwire bwino. Anthu amene anabwera kudzayeza ngati yagwira anawabweza m'mawa wa pa 20 Epulo asanayeze. Madzulo ake anayesa chitsime mwanjira ina, manambala anaonetsa kuti china chake chalakwika, koma akuluakulu a ntchitoyo anawamasulira mokomera zomwe ankafuna kumva. Itangotsala pang'ono kukwana 10 koloko usiku, gasi anakwera ndi paipi mpaka pansanja, n'kuphulika. Panali anthu 126, ndipo 11 anafa. Tsiku lomwelo mabwana ena anali pansanjapo kudzayamikira antchito kuti atha zaka 7 popanda ngozi yaikulu. Moto unayaka usiku uwiri, ndipo pa 22 Epulo chinsanja chija chinamira.

Pomira, chinakhotetsa n'kuthyola chipaipi chachitali chomwe chinkachilumikiza ku chitsime. Chipaipicho chinagwa n'kugona pansi pa nyanja, mafuta akutuluka m'malo atatu.

Mwina mukufunsa kuti kodi panalibe potsekera? Panali. Pakamwa pa chitsime chotere amaikapo chimakina chotchedwa blowout preventer, chachitali ngati nyumba yosanjikiza kasanu, cholemera matani oposa 300. M'kati mwake muli mipeni iwiri yachitsulo yomwe ntchito yake ndi kudula paipi n'kutseka chitsime zonse zikakanika. Mipeniyo inayesa ndithu. Koma paipi ya m'katimo inali itapindika n'kuchoka pakati, ndiye mipeni inangoiluma cham'mbali osatseka. Izi anadzazidziwa bwinobwino mu 2011. Panthawiyo anatha masiku akutuma maloboti kukatokosa chimakinacho, osadziwa kuti sichingatsekenso.

Ndati maloboti chifukwa munthu sangafike pamenepo. Pa mamita 1,500 madzi amapanikiza moti malo aang'ono ngati chikhadabo chanu amasenza makilogalamu 150, matumba atatu a chimanga. Kuli mdima wa ndiweyani, ndipo kukuzizira ngati m'fuliji. Ntchito yonse, kumasula bawuti, kudula chitsulo, kulumikiza paipi, ankaigwira anthu atakhala m'sitima pamwamba, akuyang'ana pa sikirini, akuyendetsa manja achitsulo omwe ali kilomita ndi theka kunsi kwawo. Tayesani kulowetsa ulusi pa singano muli kuseri kwa nyumba, wina akukuuzani pawindo kuti pitani kumanja pang'ono.

Vuto lina, limene ine ndimaliona ngati gwero la mavuto ambiri otsatira, linali la nambala. Poyamba ananena kuti mukutuluka migolo 1,000 patsiku. Patangopita masiku ochepa anati 5,000, ndipo nambala imeneyi anaikakamira pafupifupi mwezi wathunthu, ngakhale akatswiri ena a m'mayunivesite atangoonera kavidiyo ka paipiyo ananena kuti ayi, ndi zambiri kuposa apo. Zoona zake zinali migolo pafupifupi 60,000 patsiku. Mgolo umodzi wa mafuta ndi malita 159. Werengerani nokha: malita oposa 9 miliyoni tsiku lililonse. Ngati thankala imodzi imanyamula malita 30,000, ndiye kuti mathankala oposa 300 akukhuthulira m'nyanja tsiku ndi tsiku. Sungani nambala imeneyi, tikumana nayonso.

Nzeru yoyamba yaikulu inali yovindikira. Anasula chibokosi chachitsulo ndi konkire, chachitali mamita 12, cholemera matani pafupifupi 100, chokhala ndi kabowo pamwamba. Ganizirani fanelo yothirira palafini m'botolo mutaizondotsa. Cholinga chinali kuchivindikira pamalo potuluka mafuta kwambiri, mafutawo akwere ndi paipi mpaka m'sitima. Anachitsitsa pa 7 Meyi, pa 8 Meyi anali atachichotsapo kale. Chinachitika n'chakuti gasi wotuluka ndi mafutawo akakumana ndi madzi ozizira pamalo opanikizika chonchi, amaundana n'kukhala ngati ayezi. Timiyala ta ayeziti tinatseka kabowo kaja, komanso poti n'topepuka kuposa madzi, tinayamba kunyamula chibokosi chonsecho kuti chiyandame, chitadzaza gasi woyaka, kulunjika kumene kunali sitima zodzaza anthu. Mainjiniya ankadziwa kuti ayezi wotere akhoza kupangika, koma sanayembekezere kuti apangika msanga ndi mochuluka choncho. Paja iwo ankawerengera migolo 5,000.

Pa 16 Meyi analowetsa kapaipi ka masentimita 10 m'chipaipi chothyoka chija, chomwe chinali cha masentimita 53, kuti azikoka mafuta ngati mwana akumwa Fanta ndi kapaipi. Kanagwirako ntchito, koma m'masiku 9 kanakoka migolo pafupifupi 22,000, osakwana n'komwe theka la zotuluka tsiku limodzi. Chinanso, kanawaulula. Tsiku lina BP inalengeza kuti kapaipiko kakukoka migolo 5,000 patsiku, nambala yomwe ankati ndiyo yonse yotayika, koma kamera ikuonetsa mafuta akufukabe ngati utsi wa uvuni ya njerwa. Kamerayo aphungu a nyumba ya malamulo anali atakakamiza kuti izioneka kwa aliyense pa intaneti, usana ndi usiku.

Kenako inabwera njira imene anthu anaiyembekezera kwambiri, yotchedwa top kill. Pokumba chitsime cha mafuta amagwiritsa ntchito matope apadera olemera kwambiri. Matopewo akadzaza m'chitsime, kulemera kwake kumatsendereza mafuta kuti asakwere. Ndiye anati tipope matope kuchokera pamwamba mwamphamvu, akankhe mafuta kubwerera pansi, kenako tithire simenti. Koma poti chimakina chija chinali chotseguka kumtunda, matope ambiri akanangothawira m'nyanja. Apa m'pamene anabweretsa nzeru imene dziko lonse linaseka: kuponyera zinyalala m'chimakinacho kuti zitseke mipata. Mipira ya gofu, zidutswa za matayala, zingwe zomanga mfundo. Ine sindiseka nawo kwenikweni, chifukwa aliyense amene ngalande ya pamsika inamutsekekerapo ndi majumbo ndi zikonyo akudziwa kuti zinyalala zimatsekadi madzi. Ndipo njirayi inagwirapo ntchito pa zitsime zapamtunda. Anapopa masiku atatu kuyambira pa 26 Meyi, matope migolo pafupifupi 30,000. Akangosiya kupopa, mafuta ankabwerera. Pa 29 Meyi anavomera kuti zakanika. Komiti imene pulezidenti Barack Obama anaika kuti ifufuze nkhaniyi inadzapeza kuti mawerengedwe a akatswiri anali ataonetsa kale kuti njirayi ingatheke pokhapokha ngati mafuta otuluka sakupitirira migolo 15,000 patsiku. Nambala ija yabweranso.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene chimandipsetsa mtima. Mu Juni 1979, m'nyanja yomweyi koma kumbali ya Mexico, chitsime chotchedwa Ixtoc I cha kampani ya boma ya Pemex chinaphulikanso. Mukudziwa zomwe anayesa? Chivindikiro chachitsulo chonga fanelo, chimene anachitcha Sombrero, dzina la chipewa cha ku Mexico. Anapopa matope. Anaponyamo mipira yachitsulo ndi ya mtovu. Zonse zinakanika mpaka anakumba zitsime zina zam'mbali, n'kutseka mu Malichi 1980, patatha miyezi yoposa 9. Ndipo pamenepo madzi anali akuya mamita 50 okha, pomwe anthu ankatha kutsikapo. Ndiye taonani: m'zaka 31 makampani anaphunzira kukumba mozama kuwirikiza ka 30, koma zida zotsekera zikalakwika zinali zomwe zija za 1979. Mkulu wa BP, Tony Hayward, anavomera yekha mu Juni kuti analibe zida zoyenera ngozi yotere. Chikalata chimene kampaniyo inapereka ku boma chofotokoza momwe ingathanirane ndi mafuta otayika chinkatchula nyama yotchedwa walrus pakati pa zofunika kuteteza, nyama ya kumadera oundana yomwe ku Gulf of Mexico kulibe. N'zoonekeratu kuti wina anangokopera pepala la kwina, wina ku boma n'kudinda osawerenga. Hayward yemweyo pa 30 Meyi anauza atolankhani kuti iyenso akufuna moyo wake ubwerere mwakale, kuiwala kuti amuna 11 analibenso moyo woti ubwerere. Sanathe chaka pampando.

Akatswiri atakanika chonchi, aliyense anakhala katswiri. BP inatsegula foni ndi tsamba lolandirira maganizo, ndipo inalandira oposa 100,000 kuchokera m'mayiko ambiri. Bungwe lina la ku San Francisco, Matter of Trust, linasonkhanitsa tsitsi la m'masaluni ndi ubweya wa ziweto, n'kumaziika m'masokosi aatali a amayi kuti ziziyamwa mafuta. Tsitsi limagwiradi mafuta, izi sitichita kuuzidwa, koma a boma anazikana ati zimamwa madzi n'kumira. Katswiri wa mafilimu Kevin Costner anabwera ndi makina ozungulira olekanitsa mafuta ndi madzi, BP inagula 32. Kampani ya ku Taiwan inatumiza chisitima chachikulu chotchedwa A Whale choti chizimeza madzi amafuta. Atachiyesa mu Julayi chinatola zochepa zedi, n'kuchibweza. Muone kuti zambiri mwa izi zinali zokolopa pansi mpopi ukutulukabe. Nzeru zotsekera chitsime chenichenicho zinali zochepa, ndipo yoopsa kwambiri inachokera ku Russia. Nyuzipepala ina kumeneko inakumbutsa kuti mu 1966 boma la Soviet Union linazimitsa chitsime cha gasi cha Urta-Bulak ku Uzbekistan, chomwe chinayaka pafupifupi zaka zitatu, pophulitsa bomba la nyukiliya pansi pa nthaka kuti thanthwe lifinye paipi. Zinathekadi. Koma kumeneko kunali kuchipululu, pamtunda. Boma la America linakana, ndipo apa ndikugwirizana nalo: bomba likanang'amba thanthwe, m'malo mwa bowo limodzi lodziwika pakanakhala ming'alu yosawerengeka yopanda poigwira.

Chimene anachita mochuluka ndi kuthira mankhwala otchedwa Corexit, malita pafupifupi 7 miliyoni, ena ndi ndege pamwamba pa madzi, ena pakamwa penipeni pa chitsime, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo pamalo akuya choncho. Mankhwalawa amaswa mafuta kukhala timadontho ting'onoting'ono. Mafutawo sachoka m'nyanja, amangoleka kuyandama. Mpaka lero akatswiri amatsutsana ngati anathandiza kapena anangosamutsira vuto kumene maso saona.

Nthawi yonseyi kugombe kunali anthu ngati ife. Kumayambiriro kwa Juni boma linali litaletsa usodzi pamalo okwana masikweya kilomita pafupifupi 229,000, kutsala pang'ono kuwirikiza kawiri Malawi yense. Ku New Orleans kampani yapabanja ya P&J, yomwe inkagulitsa nkhono za m'nyanja kwa zaka 134, inasiya kuswa nkhono mwezi womwewo chifukwa kunalibe zobwera. Nyuzi zinkaonetsa mbalame za vuwo zitamatidwa mafuta, ndipo zinali zomvetsa chisoni. Koma ine maganizo anga amapita kwa mayi amene m'mawa uliwonse ankadikira boti la msodzi kuti aode, ndipo tsopano msodziyo walembedwa ganyu ndi BP yokoka zotchingira mafuta. Msodzi wapeza pogwira. Nanga woodayo?

Kumayambiriro kwa Juni anaganiza zodula chipaipi chokhota chija pamwamba penipeni pa chimakina kuti aikepo kachipewa. Sowo yokhala ndi mano a dayamondi inakanirira pakati pa chitsulo. Anamalizitsa ndi chisizasi chachikulu chomwe chinadula mokhotakhota, moti kachipewako, komwe anakaika pa 3 Juni, sikanakhale bwino. Komabe kankatumiza migolo pafupifupi 15,000 patsiku ku sitima ya Discoverer Enterprise, ndipo atawonjezera sitima ina yomwe inkangotentha mafuta ndi gasi, anafika cha m'ma 25,000. Mafuta ankatulukabe m'mbali mwa kachipewako ngati palibe chimene achotsapo.

Funso limene mwina lakhala likukuvutani ndi ili: bwanji osangomangapo mpopi wina wolimba pamwamba n'kutseka? Yankho lake ndi mantha, ndipo anali mantha omveka. Tengani paipi ya madzi yomwe mukuikayikira kuti yabooka pena pake pansi pa dothi. Mukatseka kumapeto, madzi amakatulukira pobookapo. Top kill italephera, BP inaganiza kuti mwina makoma a chitsime ang'ambika m'kati. Ngati zinali choncho, kutseka pamwamba kukanakankhira mafuta m'thanthwe, n'kudzatumphukira pansi pa nyanja m'malo ambirimbiri, ndipo pamenepo palibenso akanatseka mpaka nkhokwe yonse ya mafuta itatha. Gulu la asayansi a boma, lotsogozedwa ndi nduna ya zamphamvu Steven Chu, yemwe analandirapo mphoto ya Nobel, linakhala masabata likukangana ndi mainjiniya a BP pa nkhani imeneyi.

Pomaliza anagwirizana zoyesa. Pa 10 Julayi anachotsa kachipewa kaja, mafuta n'kumatuluka mopanda chotchinga. Maloboti anamasula mabawuti akuluakulu 6, n'kuchotsa chitsa cha paipi yodulidwa ija. Pa 12 Julayi anakhazikapo chimpopi chatsopano cha matani pafupifupi 70, chokhala ndi potsekera patatu. Pa 15 Julayi, nthawi ili 2:25 masana, anatseka pomaliza. Kwa nthawi yoyamba m'masiku 87, kamera ija inaonetsa madzi okhaokha.

Koma mbali imene ndimaikonda m'nkhani yonseyi ndi usiku wotsatira. Anali atagwirizana kuti geji ikaonetsa pulesha yoposa 7,500, ndiye kuti chitsime n'cholimba. Ikakhala pansi pa 6,000, ndiye kuti chikudontha m'kati, atsegule msanga. Geji inaima cha pa 6,600, pakatikati. Alangizi ambiri a boma ankati titsegule, tisaike nyanja yonse pachiswe. Kutsegula kunatanthauza mafuta kuyambiranso kutayika kwa masabata ena. Wina amene anali ku likulu la BP ku Houston anajambula ndi foni yam'manja chithunzi cha manambala a puleshayo pa sikirini, n'kutumiza kwa Paul Hsieh, wasayansi wa bungwe la boma la US Geological Survey ku California. Bambo ameneyu ntchito yake inali ya madzi apansi pa nthaka, amene ife timatunga pa mjigo, osati mafuta. Anachezera usiku wonse pa kompyuta ndi kachithunziko. M'mawa anafotokoza kuti manambalawo akugwirizana ndi chitsime chosabooka: pulesha yatsika chifukwa nkhokwe yapansiyo yakhala ikukhuthuka miyezi itatu, ngati tayala lomwe latuluka mpweya kwa nthawi yaitali. Anamumvera. Admiral Thad Allen, amene ankatsogolera ntchito yonse kumbali ya boma, analola kuti chikhale chotseka, koma chilolezo ankachipereka cha tsiku limodzilimodzi, sitima zikuyendayenda pamwamba kumvetsera ngati pansi pakung'ambika. Sipanang'ambike.

Mafuta ataima, njira ya matope ija inakhala yosavuta, poti panalibenso chowakankha kubwerera. Pa 3 Ogasiti anayamba kupopa matope pang'onopang'ono, pa 5 Ogasiti anathira simenti. Koma Allen anakana kunena kuti zatha mpaka chitsime cham'mbali chifike, njira yomwe ija inamaliza Ixtoc. Anali atayamba kuchikumba pa 2 Meyi, ndi china chachiwiri chodikirira ngati choyambacho chingaphonye. Ntchito yake inali kukumba chapatali, kutsika, kenako kukhota n'kukalasa paipi yaikulu ngati mbale yodyera nsima, makilomita oposa 5 kuchokera pamwamba pa madzi. Akayandikira ankaima, kutsitsa chida chomva chitsulo ngati maginito, kuwongola, kukumbanso pang'ono, kuimanso. Mphepo zamkuntho zinawaimitsa kangapo. Anachilasa pa 16 Sepitembala, anathira simenti kuchokera kunsi, ndipo pa 19 Sepitembala Allen analengeza kuti chitsime cha Macondo chafa.

Za milandu ndidutsapo mwachangu. Asayansi a boma anati munatuluka migolo 4.9 miliyoni, BP inati ayi n'zochepa, ndipo woweruza Carl Barbier wa ku New Orleans anagamula kuti yomwe inalowa m'nyanja ndi 3.19 miliyoni. Mu 2014 anapeza kuti BP inachita mosasamala kwambiri, n'kugawa mlandu: BP 67 pa 100, Transocean 30, Halliburton 3. Mu 2016 khothi linavomereza kuti BP ilipire maboma madola 20.8 biliyoni, ndipo zonse pamodzi ngoziyi yaidyera kampaniyo madola oposa 60 biliyoni.

Chimpopi chomwe chinatseka Macondo anachita kuchisula ngozi ili m'kati. Lero makampani amasunga zotere zokonzeratu m'madoko angapo: ku America komweko, ku Norway, ku Brazil, ku Singapore, ndi ku Saldanha Bay ku South Africa. Ndikutchula izi chifukwa mu 2011, chaka chimodzi chokha chitachitika zonsezi, boma lathu linapereka chilolezo kwa kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum chofufuza mafuta pa Nyanja ya Malawi. Ku Gulf of Mexico, ntchito itafika pachimake, kunali anthu pafupifupi 47,000 ndi sitima ndi maboti oposa 6,000, ambiri ongochokera m'madoko apafupi. Nyanja yathu ili ndi potulukira pamodzi, mtsinje wa Shire, ndipo sitima yochokera ku Saldanha Bay ilibe njira yofikira ku Nkhata Bay. Amene mumakhala m'mbali mwa nyanja, nkhani ya mafutayi ikadzabweranso pamsonkhano wa kwa amfumu, mudzafunse kuti chotsekera chili kuti, ndipo chingafike m'masiku angati.

Chimakina chomwe chinalephera kudula paipi chija anachivuula pa 4 Sepitembala 2010, n'kuchitengera kumalo a NASA ku New Orleans ngati umboni wa mlandu. Chinsanja cha Deepwater Horizon sanachivuule. Chili pansi pa nyanja pompo, mamita pafupifupi 400 kuchokera pachitsime. Matupi a amuna 11 aja sanapezeke.